Tsiku limene msampha wanga wa pa f7 unandigwira ndekha

Ndinayamba kuphunzira chess pa foni, ndipo chinthu choyamba chimene ndinaloweza chinali msampha uja amautcha Scholar's Mate. Poni pa e4, kwini pa h5, bishopu pa c4, kenako kwini n'kudya poni wa pa f7, masewera atha pa kusuntha kwachinayi (e4, h5, f7 ndi ena otere ndi maina a timabokosi ta pa bolodi). Anzanga a ku Mchini ndinawagonjetsa nawo kangapo, ndipo kunena zoona zinkandikomera kwambiri.

Loweruka lina ku Kapata ndinakhala pansi ndi mdala wina amene amasewera pakhonde la telala. Bolodi yake ndi yakale, ruku imodzi inasowa, m'malo mwake amaikapo chitsekerero cha botolo. Nditatulutsa kwini pa h5, iwo anaika hatchi pa c6. Nditabweretsa bishopu, anangokankha poni pa g6. Kwini ndinamubweza pa f3, anatseka njira ndi hatchi ina pa f6. Mtima wanga unali udakali pa f7 pomwepo, ndiye ndinamupititsa pa b3. Apo hatchi yawo inalumphira pa d4 n'kuloza kwini wanga. Ndinadya f7 ndi bishopu, mfumu yawo inangosendera pa e7. Kwini ndinamuika pa c4 kuti ateteze bishopuyo, koma poni wa pa b5 anamuthamangitsa, bishopu n'kupita.

"Mwana wanga, tawerenga," anatero akuloza mzere wanga wakumbuyo. "Wasuntha kasanu ndi kawiri, kanayi konse ndi kwini yekha. Mahatchi ako onse awiri akadali m'khola."

Mawu amenewo ndinagona nawo. Msampha umadalira kuti mnzako alakwitse, ndipo akapanda kulakwitsa iwe umatsala ndi zida zosatuluka, mfumu ili pamtetete, nthawi yataika. Choipa kwambiri kwa ine chinali chakuti masewera onse aja ndinapambana sanandiphunzitse kanthu. Sindinkafika ngakhale pakati pa masewera, pamene munthu amafunika kuganiza yekha.

Komabe sindigwirizana ndi amene amati woyamba kumene asaiyandikire n'komwe misampha. Ndi msampha womwewu umene unandionetsa kuti poyamba masewera f7 ndi f2 amatetezedwa ndi mfumu yokha, n'chifukwa chake msampha wina wotchedwa Fried Liver nawonso umalunjika pomwepo ndi hatchi ndi bishopu. Amene sanauonepo adzagwamo ndithu. Ine ndimati auphunzire, amvetse chifukwa chake umagwira, adziwe kuutseka, koma asamange nyumba yake pamenepo.

Mdala uja anandikumbutsa za Amon Simutowe, m'Zambia mnzathu amene anakhala grandmaster (udindo wapamwamba kwambiri wa osewera chess) mu 2009, woyamba kum'mwera kwa Sahara, nati ndikafunefune masewera ake pa intaneti ndione mmene amatulutsira zida zake. Ndayamba kutero, pang'onopang'ono, bandulo ikakhalapo.

Tsopano ndimasewera e4, hatchi pa f3, bishopu pa c4, ndikubisa mfumu msanga, kwini adikire. Ndikuluzabe kwambiri, koma masewera akufika patali, ndipo ndikawalemba m'kope ndimatha kuloza pamene ndinapatukira.

Dzulo mng'ono wanga anandipempha kuti ndimuphunzitse "kupha pa kusuntha kunayi". Ndinamuonetsa, kenako ndinatembenuza bolodi, ndinamupatsa zakuda, n'kumuuza kuti apeze yekha g6. Zinamutengera masewera atatu.