Chikompyuta chopondapo mapazi chija chapeza ntchito

Loweruka madzulo, pa Chitakale.

Chiperoni chafika usiku wapitawu. Potsegula shopu m'mawa phiri la Mulanje silimaoneka n'komwe, ngakhale minda ya tiyi ya m'munsi mwakemo inali itamezedwa ndi nkhungu. Tsiku lotere anthu amayenda manja ali m'khwapa, palibe woganiza zojambulitsa chithunzi cha pasipoti. Pofika 9 koloko tinali titapanga fotokope masamba asanu okha. Ndiye ndinauza mphwanga, mwana wa achemwali anga amene amandithandiza pano, kuti atulutse chikompyuta chija chakhala pansi pa kauntala zaka zitatu tikungopondapo mapazi.

"Amalume, tikukagulitsa kwa a zitsulo?"

"Ayi, tikuchilemba ntchito."

Zandikankha ndi za Lachiwiri. Kunabwera mayi ena ochokera cha ku Muloza kudzafunsa ngati ndikadali ndi zithunzi za ukwati wa mwana wawo, zomwe ndinajambula mu 2022. Alubamu yawo inapita ndi madzi pamodzi ndi nyumba nthawi ya namondwe wa Freddy, mu March 2023. Ndinayankha motumbwa kuti zilipo, akhale pansi. Kenako thukuta. Mu laputopu yanga mulibe, mwa mphwanga mulibe, mafulashi anayi a m'dirowa mulibe, ndipo imodzi inali ndi vayilasi uja wobisa mafoda n'kukusiyira ma shortcut. Mayiwo anakhala pa benchi ola lathunthu, chikwama pamiyendo, osatulutsa liwu lodandaula. Bola akanandikalipira. Ndinawapempha kuti adzabwerenso Lolemba, ndipo zithunzizo ndinakazipeza usiku kunyumba, m'kamemori ka kamera yakale.

Ndiye maganizo ndi akuti zonse za pa shopu pano zizikhala malo amodzi, laputopu iliyonse izitapa pomwepo kudzera pa rauta. Azitchula kuti NAS. Ine ndikuti nkhokwe.

Kompyutayo ndi Dell OptiPlex 780 yomwe ndinagula yogwiritsidwapo kale ku Limbe, ya Core 2 Duo ndi RAM ya 4GB. Ndinaipumitsa chifukwa kutsegula chithunzi chimodzi mu Photoshop umatha kukawiritsa tiyi n'kubwerako. Koma mlonda wa nkhokwe safunika liwiro. Ntchito yake ndi kulandira, kusunga, n'kupereka akamufunsa.

Titatsegula chivundikiro tinabwerera m'mbuyo tonse awiri. Fumbi lachita kuumbika ngati thonje, mphemvu zouma zitatu, ndiponso kanyumba kadothi ka mavu katamatirira pambali pa fani. Tinasesa ndi bulashi yopentera, kunja pakhonde, anyamata a kabaza akutiseka. Itayaka inayamba kudandaula za tsiku ndi nthawi. Kabatire kozungulira ka pa motherboard, CR2032, kanali katafa kalekale. Mphwanga anathamangira kwa wokonza mawotchi mumsika n'kubwera nako katsopano.

Pa pulogalamu yoyendetsa nkhokweyi tinakanganapo pang'ono. Iye amafuna TrueNAS chifukwa anaiona pa YouTube, koma imeneyo imafuna RAM yosachepera 8GB. Ine ndinali nditatsitsa kale OpenMediaVault usiku, bandulo ikulira. Ndi yaulere, inamangidwa pa Debian, ndipo ngakhale 1GB imayenda. Tinaiika pa fulashi ndi kapulogalamu kotchedwa balenaEtcher. Apa pali msampha: disiki imene wasankha kuikapo pulogalamuyi imafufutidwa yonse, ndipo siikhalanso yosungirapo katundu. Choncho pulogalamu tinaiika pa kadisiki kakale ka 160GB, ndipo ya 1TB yosungirayo ndinaizula kaye chingwe cha SATA mpaka titamaliza. Sindidzikhulupirira pa nkhani ya kudina Enter.

Ikatha kulowa, sikirini ndi kiyibodi zilibenso ntchito. Imatsala ndi zingwe ziwiri, cha magetsi ndi chopita ku rauta. Zonse umazichitira pa laputopu, kungolemba adiresi yake mu Chrome. Dzina lolowera koyamba ndi admin, pasiwedi ndi openmediavault, ndipo aliyense padziko amaidziwa, ndiye tinasintha nthawi yomweyo. Tinafomata disiki yaikulu ija kukhala ext4, tinapanga mafoda atatu, Maukwati, Masukulu ndi Makalata, n'kutsegula SMB, njira yogawira mafoda pa netiweki, kuti Windows ya m'malaputopu iziwaona.

Windows osaona kanthu.

Theka la ola linathera pamenepa. Tinasintha chingwe, tinazimitsa rauta n'kuyatsanso, mphwanga anayamba kale kunena kuti akanakhala TrueNAS bwenzi titamaliza. Ndinapita kukagula chinangwa chophika kuti mutu uzizire. Pobwera ndinamupeza akuseka yekha, chala chili pa sikirini. Pamwamba penipeni panali kamzere kachikasu kotiuza kuti zomwe tasinthazo zikudikira kuti tivomereze. Nthawi yonseyi kanali pomwepo. Atadina kachizindikiro kovomereza, foda ya Maukwati inatulukira pa laputopu zonse ziwiri ngati yakhalapo chibadwire.

Liwiro lokopera likuima pa 11MB pa sekondi. Vuto si nkhalambayi, iyo ili ndi polowera chingwe pa gigabit. Ndi rauta yanga, yomwe mabowo ake ndi a 100Mbps, gawo limodzi mwa magawo khumi a gigabit. Vidiyo ya ukwati ya 4GB ikutenga mphindi zisanu ndi imodzi. Sindigula switch, kabokosi ka mabowo othamanga, chifukwa cha zimenezo, mwezi uno ayi.

Cha m'ma 3 koloko magetsi anathima tili pakati pokopera. Ndinamva disiki ikuti kwee, zii. Mtima unapita. UPS, batire yogwirizira kompyuta magetsi akathima, ndilibe, ndipo kuzima kotereku ndi kumene kumawononga mafayilo. Magetsi atabwerako ndinalumikizanso sikirini n'kulowa mu BIOS, momwe mumasinthidwira kayakidwe ka kompyuta. Pa makina a Dell pali pena polembedwa AC Recovery, ukaika On kompyuta imadziyatsa yokha magetsi akabwera. Tinayesa pozula pulagi titaizimitsa bwinobwino kaye, ndipo titabwezera fani inayamba kuzungulira popanda woikhudza. Fayilo imodzi yokha ndi imene inaduka pakati, tinaikoperanso.

Za mayunitsi ndawerengera pa kapepala ka risiti. Tinene kuti ikudya mawati 50. Usana ndi usiku ndi mayunitsi 1.2 pa tsiku, 36 pa mwezi. Achuluka. Iziyaka maola 10 a ntchito basi, akhale 15.

Potseka, mphwanga anasonkhanitsa mafulashi aja kuti awafomate, poti zonse zalowa m'nkhokwe. Ndinamugwira dzanja. Disiki ya 1TB ija nayo si yatsopano, SMART, yomwe imapima thanzi la disiki, ikuonetsa kuti ili bwino lero, koma disiki simatsanzika. Ndiponso shopu ino ili pansi pa phiri lomwelo. Mafulashi akhale momwemo mpaka nditapeza disiki ina yakunja yoti Lachisanu lililonse ndizikoperamo n'kupita nayo kunyumba m'chikwama.

Foda yoyamba kulowa mu Maukwati ndi ya mayi a ku Muloza aja, zithunzi 214. Ndasindikiziratu khumi n'kuziika mu envulopu pansi pa kauntala, pomwe panali chikompyuta. Chimodzi akuoneka iwowo atavala chilundu chobiriwira, akuponya ndalama ya pelekanipelekani, kumbuyo kwawo kukuoneka khonde la nyumba ija.