Ndangochoka kumphakati, mtima uli kwa Ambuye Kalilombe

Ndangofika kumene kuchokera kumphakati. Tinali pakhonde la mayi wina amene mwamuna wake anamwalira mwezi watha, ena pamphasa, ena pa njerwa, nyali ya foni ikuwalitsira Baibulo. Titatha kolona, agogo ena anafunsa achinyamata ngati akudziwa amene analimbikitsa miphakatiyi kuno ku dayosizi ya Lilongwe. Kunali zii. Ndiye anatchula dzina: Ambuye Patrick Kalilombe.

Abale anga, zandikhudza. Mwana wa ku Mua ameneyu, wobadwa mu 1933, wansembe wa chipani cha White Fathers, anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Ankafuna kuti Mpingo usathere pa Misa ya Lamulungu, koma ukhale m'midzi, akhristu akumana okha, kupemphera ndi kuthandizana pa maliro ndi matenda. Boma la Kamuzu linaona timagulu timeneti ngati ndale zobisika. Mapeto ake anachoka m'dziko lake lomwe, ndipo mu 1979 anatula udindo. Anakaphunzira ku Berkeley ku America, nakaphunzitsa ku Birmingham ku England, patapita zaka zambiri n'kubwerera kudzaphunzitsa ku Chancellor College. Anatisiya mu 2012.

Chimene chikundipweteka n'chakuti ife tikukolola mosavuta munda umene iye anaulima ndi misozi, koma ana athu sakumudziwa n'komwe. Nditaona mayi wamasiye uja akulandira kathumba ka ufa kamene tinasonkha, misozi inalengeza m'maso mwanga. Mzimu wanu uuse mumtendere, Ambuye.