Masikafu a ana a ku Namwera ndi kalata imene inatidyera Julaye yense

Masikafu amene tinalukira ana a sukulu ya mmera mpoyamba ku Namwera tapereka, chidole nachonso chili m'manja mwa alezi awo, ndiye mtima wakhalako pansi moti nditha kufotokoza mmene tinayendera. Ena mwakhala mukundifunsa kuti mukufuna kuchita zomwezi kwanu. Chitani, ntchitoyi ndi yokoma. Koma yambani ndi kalata, ulusi pambuyo, chifukwa ife kuluka sikunativute ngati mmene linativutira pepala limodzi pa ofesi ina pa boma pano pa Mangochi.

Ndife gulu la amayi a banki m'khonde, ena Asilamu ena Akhristu, ndipo timakumana Loweruka masana. Anthu akamva kuti ku Mangochi kukulukidwa masikafu amadabwa, poti amangodziwa kutentha kwa Okutobala. Awoloke mlatho wa pa Shire, akwere zitunda za ku Chowe mu Juni kapena Julaye, akafike ku Namwera m'mamawa. Akapeza ana a sukulu ya mmera mpoyamba atakhala pansi, manja ali m'khwapa, malaya ndi amodzi omwe aja a chilimwe. Ngakhale kunyanja kuno mwera ukamaomba, asodzi a usipa amadziwa mmene usiku umalumira.

Tinayamba ndi kukaonana ndi alezi, komiti ya makolo ndi anyakwawa a mudziwo. Musadumphe zimenezi. Alezi ndi amene amadziwa kuchuluka kwa ana ndi misinkhu yawo, ndipo ndi iwo anatipempha kuti tiwapangirenso chidole cholowetsa dzanja choti azifotokozera nacho nthano ndi za kusamba m'manja. Pomaliza anatiuza kuti anachenjezedwa kuti asamalandire katundu wa magulu popanda kalata yodindidwa ku boma. Ife tinati palibe vuto, ndipo kalatayo tinakaisiya mu Meyi, masikafu asanafike n'theka lomwe.

Ulusi wa m'sitolo, wa acrylic uja wolembedwa DK, ndi wabwino kwa ana chifukwa umachapika ndi sopo wamba, suchedwa kuuma, ndipo njenjete siziudya ngati ubweya weniweni. Koma pa boma pano umapezeka mwa apo ndi apo, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wake sunabwererenso pansi. Wochepa tinatuma alamu anga amene amakaoda katundu ku Limbe. Mukamatuma munthu, muuzeni agule mtundu umodzi wonse nthawi imodzi, ayang'ane kuti nambala ya utoto papepala lokulungira ikufanana, apo ayi sikafu imodzi imatuluka yofiira pawiri.

Wambiri tinaupeza pa kaunjika, pomasula majuzi. Apa pali nzeru yake. Tembenuzani juzi muone msoko wa m'mbali. Ngati nsalu inachita kudulidwa n'kupitidwa ndi makina a ovaloko, isiyeni ngakhale wogulitsa atsitse mtengo bwanji, chifukwa pomasula muzingotola tizidutswa tautali wa mkono. Yofunika ndi ija imene mbali zake zinalukidwa pazokhapazokha kenako n'kulumikizidwa ndi ulusi umodzi. Mukapeza nsonga ya ulusi umenewo n'kukoka, msoko wonse umatseguka. Yambani kumasula kumtunda, paphewa, kutsikira m'munsi. Kuyambira m'munsi ulusi umakana. Umatuluka wopotanapotana, ndiye ukulungeni kumsana kwa mpando, mumange malo anayi, muviike m'madzi ofunda a sopo osafikisa, kenako muyanike pamthunzi mutapachika kabotolo ka madzi m'munsi mwake. Majuzi a ulusi wopyapyala kwambiri amatopetsa. Ife tinkaphatikiza zingwe ziwiri n'kuluka ngati chimodzi.

Singano zogula zinali zochepa. Ambiri a ife tinaphunzira kuluka pa masipoko a njinga tili atsikana, koma masipoko ndi owonda, sikafu imachedwa ndipo imatuluka yolimba. Amuna anga anatisemera za nsungwi zonenepa mamilimita 4, n'kuzisalaza ndi sandipepa, ife n'kuzipaka kandulo kuti ulusi uziterera. Pa ulusi wa DK ikani masitichi 32 kapena 34, m'lifupi mumakwana masentimita pafupifupi 15. Lukani sitichi imodzi yomweyo mzere uliwonse, popita ndi pobwerera. Ija yosalala mbali imodzi ya pa majuzi imaoneka bwino, koma pa sikafu imapindika m'mbali ndipo ngakhale muisite sigonja. Kwa mwana wa zaka zitatu mpaka zisanu musapitirire mita imodzi, ndipo mphonje musaike. Ife tinasiya kabowo chakumapeto: mumagawa masitichi pawiri, kuluka mbali iliyonse payokha masentimita 5, kenako kuwabwezeranso pamodzi. Mwana amalowetsa nsonga inayo m'kabowomo, sikafu imakhala pakhosi popanda kumanga mfundo.

Tsopano za kalata ija.

Poisiya anatilandira bwino, anati abwana akaiona atiimbira. Foni sinalire. Juni atalowa ndinapitako ndi amayi a tcheya athu, mayi wachikulire wovutika mawondo, aliyense pa kabaza wake. Anafufuza m'mafayilo, kalata osaoneka. Anati tilembe ina. Tinalemba, tinakasiya, tinadikiranso. Masikafu anatha kumapeto kwa Juni, tinawachapa, tinawapinda, tinawaika m'matumba kuchipinda kwanga.

Tsiku limene silichoka m'mutu mwanga ndi la pakati pa Julaye. Tinafika ofesi isanatsegulidwe. Atatsegula, munthu wina amene sitinamuonepo anayang'ana kalata yathu n'kunena kuti yolemba pamanja salandira, ikhale yotayipa, komanso pamwamba tinalemba udindo wolakwika. Zimenezi palibe anatiuza pa maulendo onse am'mbuyo, chonsecho kalata yomweyo inadutsa m'manja mwa anthu a mu ofesi momwemo. Tinapita kotayipitsa, magetsi anali atazima. Tinayenda wapansi kufuna malo a jenereta, amayi a tcheya akupumira m'njira, ndipo titawapeza mtengo unali wokwera chifukwa cha mafuta. Tinalipira kutayipa, tinalipira fotokope. Pobwerera tinapeza chitseko chotseka, anthu apita ku nkhomaliro. Tinakhala pabenchi osadya kanthu, poti ndalama ya chakudya inali itapita ku jenereta. Masana atatsegula anatiuza kuti abwana ali ku msonkhano ku loji ina ya kunyanja sabata yonse. Wachiwiri wawo analipo, ndipo anati kusayina atha kusayina, koma chidindo chili m'dirowa ya abwana, kiyi anapita nayo.

Chidindo kutsekeredwa sabata yathunthu pa ofesi yotumikira anthu! Pabenchi paja sitinali ife tokha. Panali agogo ena ochokera kutali cha ku Makanjira, amene ulendo wawo ndi wodula ndi wotopetsa kuposa wathu, nawonso anabwerera chimanjamanja.

Tikutuluka, mnyamata wina anatitsatira panja n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amayi, mukanangoponyako ya fanta bwenzi zitatheka lero lomwe." Ine mawu anandithera ndi mkwiyo. Amayi a tcheya anamuyang'ana n'kuti, "Mwana wanga, ulusi umenewu tasonkherana ndalama za mandasi ndi za tomato. Fanta wakoyo tichotse pakhosi pa mwana uti?" Anabwerera mkati osayankha. Musapereke ndalama yopanda lisiti. Ngati pali cholipira chenicheni, chimakhala ndi lisiti yake.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si ndalama ya kabaza ayi. Usiku uliwonse wa Julaye ndinkadzuka kukoka bulangete, n'kuona matumba aja pakona, ndikudziwa kuti kumtunda kuja kukuzizira kuposa kuno. Amayi ena analuka mpaka usiku ndi tochi ya foni kuti amalize chisanu chisanafike pachimake, ndipo anamalizadi pa nthawi yake. Ntchito ya manja awo inagona m'matumba chifukwa cha kiyi wa dirowa.

Ndibwerere ku chidole, poti ndinachisoka m'masabata odikira omwewo. Tinagwirizana kuti akhale agogo msodzi. Mutu ndi sokosi yaikulu yokhuthala ya abambo. Lowetsani dzanja, chidendene cha sokosi chikhale pamwamba pa dzanja, kenako dulani kunsonga kwa zala mopingasa kuti pakhale pakamwa. Mkati mwa kamwa ambiri amaika katoni, koma katoni imafewa ndi thukuta ndipo chidole sichichapikanso. Ine ndinadula pulasitiki ya chigubu cha mafuta ophikira, yozungulira motalikirako, masentimita 12 m'litali ndi 8 m'lifupi, n'kuidula pakati, n'kukuta zidutswa ziwirizo ndi nsalu yofiira imodzi kuti nsaluyo izipindika pakati. M'mphepete mwa pulasitiki boolani timabowo ndi msomali wotentha, musokerere ku sokosi. Guluu musamudalire, m'nyumba ya malata kutentha kwa kuno amasungunuka, kamwa n'kugwa. Kuseri kwa pulasitiki sokererani timatumba tiwiri, kamodzi ka zala zinayi kumtunda, kena ka chala chachikulu m'munsi, kuti dzanja la mlezi lisamaterereke polankhulitsa. Pamwamba pa mutu ndinaikamo siponji ya matiresi akale.

Maso musaike mabatani kapena mikanda. Ana a msinkhu uwu amasolola, n'kuika m'kamwa kapena m'mphuno. Dulani nsalu yoyera, musokererepo, pakati mupete ndi ulusi wakuda. Timadontho takudato tiyandikane pang'ono chakumphuno. Mukatitalikitsa chidole chimaoneka ngati chikuyang'ana kuseri kwa mwana. Ndevu ndi nsidze ndi ulusi woyera wotsala ku masikafu. Malaya ndi zidutswa za chitenje zimene atelala a pamsika anatipatsa ulere. Mkono umodzi ndinauika sipoko woti mlezi aziugwedeza ndi dzanja linalo. Nsonga ya sipoko ipindeni ndi pulayala ikhale kamkombero musanaisokere mkati mwa chikhatho, kunsonga inayo mulowetse m'kamtengo kogwirira.

Tizipangizo take ndi timene ana anakondwera nato kwambiri. Kachipewa ka mlaza anatilukira agogo ena oluka mikeka. Kankhafi anasema amuna anga. Pali kadengu kokhala ndi chambo ndi usipa wansalu, kasopo ka siponji, ndi kasikafu ka kabowo kofanana ndi ka anawo, kuti agogo msodzi aziwaonetsa kavalidwe kake. Pa kaukonde mayi wina anabweretsa chidutswa cha neti ya udzudzu, koma tonse tinakana. Kuno vuto la anthu kuphera nsomba ndi maneti a udzudzu tikulidziwa, limatha tiana ta nsomba ndipo ana amagona opanda chowateteza ku malungo. Sitingaike chimenecho m'manja mwa chidole chophunzitsa ana. Tinadula thumba la anyezi. Kachipangizo kalikonse tinakamangira chingwe chachifupi n'kusoka kathumba kamodzi kosungiramo zonse, poti tinthu tating'ono pakati pa ana sitichedwa kusowa.

Kalata inatuluka Ogasiti atalowa, ndipo amene anatithandiza ndi mayi wina wa mu ofesi momwemo. Anatiitanira pambali n'kutiuza zimene tikanauzidwa tsiku loyamba. Pitani ndi makalata awiri otayipa. Imodzi musiye, inayo akudindireni kuti alandira, alembepo tsiku, ndipo muisunge inu. Ikatero nkhani yoti kalata yasowa siibwera. Funsani udindo weniweni wa munthu wosayina musanalembe. Tengani nambala ya foni ya munthu wa mu ofesimo, muziimba kaye kufunsa ngati wosayina ndi chidindo zonse zilipo musanakwere kabaza. Mayi ameneyu anatiimbira yekha m'mawa wina kuti bwerani pompano abwana alipo, ndipo kudinda kwenikweniko sikunatenge ngakhale nthawi yophika tiyi.

Tinakwera Sienta ya ku Namwera, matumba pamiyendo. Anyakwawa ndi a komiti analipo, mwana aliyense analandira yake, ndipo alezi anapeta kachizindikiro pa sikafu iliyonse kuti asasinthanitse. Mlezi wamkulu atalowetsa dzanja m'chidole n'kupereka moni m'Chiyao, ana amene anabisala kumbuyo kwa amayi awo anayamba kusendera kutsogolo, wina mpaka anakoka ndevu kuti aone ngati ndi zenizeni. Msoko unagwira. Komabe dzuwa la tsiku limenelo linali litayamba kale kutentha, ndipo mayi wina wa komiti ananena mwaulemu kuti awasungira ana chaka chamawa. Ananena zoona, ndipo zinandipweteka.

Ndiye ndibwereze: kalata kaye. Funsani alezi kapena komiti ya kumene mukupitako ngati ikufunika, ndipo ngati ikufunika kaisiyeni mu Febuluwale mvula ikadali kugwa, yotayipa, makope awiri, yanu yodindidwa. Majuzi a pa kaunjika muwagule nyengo yotentha pamene palibe akuwafuna, mtengo umakhala wotsika. Ulusi womasula usungeni m'ndowa yotseka bwino chifukwa mbewa zimaukonda pomanga zisa.