Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: phunziro la Leningrad

Gawo lapitali tinalekezera pamene ndinapatsidwa Fomu 4 kuti ndiziphunzitsa mbiri yakale. Mwa mitu yonse ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, umene ndinkauchedwerapo ndi wa kuzingidwa kwa Leningrad, mzinda wa ku Soviet Union umene lero ukutchedwa St. Petersburg ku Russia, ndipo lero ndiulemba monga ndinkauphunzitsira.

Asilikali a Germany anatseka njira yomaliza ya pamtunda yolowera mumzindawu pa 8 September 1941, a Finland ali chakumpoto. Tsiku lomwelo mabomba anatentha nkhokwe za chakudya za Badayev. Pofika pa 20 November, wogwira ntchito m'fakitale ankalandira buledi wa magalamu 250 patsiku, ana, okalamba ndi a m'maofesi 125, msilikali wa kutsogolo 500. Bulediyo anali wolemera ndi wamanyowa chifukwa ufa ankausakaniza ndi gaga, zotsalira za njere za thonje ndi selulozi wa mitengo, choncho magalamu 125 anali kachidutswa kosadzaza chikhatho. Anthu ankaphika guluu wa akalipentala ndi malamba achikopa. Nkhama zitayamba kutuluka magazi posowa vitamini C, ankamwa madzi oviikamo masamba a paini. Wotaya khadi la chakudya kumayambiriro kwa mwezi anali ngati wafa kale, ndipo mabanja ena ankabisa maliro m'nyumba kuti adyebe pa khadi la malemuyo.

Chisanu chinatsika kupitirira madigiri 30 pansi pa ziro. Mapaipi anaphulika, madzi nkumakatunga pa mabowo oboola pa ayezi wa mtsinje wa Neva. Asilikali a Germany nawo chinawapweteka: nsapato zawo zokhala ndi misomali kunsi zinkalowetsa kuzizira mpaka zala kufa, mafuta opaka mfuti ankaundana, ndipo injini ankachita kuisonkhera moto pansi kuti ilire. A Soviet ambiri anali ndi nsapato zaubweya wopsinja.

Koma mtima wa nkhaniyi uli pa nyanja ya Ladoga, imene ili chakum'mawa kwa mzindawu. Itaundana, anatsegulapo msewu wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Kobona, kutsidya, kukafika ku Osinovets, ku gombe la mbali ya Leningrad, kuti chakudya chizilowa mumzindawo. Anayamba ndi akavalo okoka zileyi, kenako pa 22 November malole a GAZ-AA anatsika pa ayezi. Lole yotere imanyamula tani imodzi ndi theka, koma masiku oyamba ankaiika matumba ochepa chabe chifukwa ayezi anali asanakhuthale bwino. Chimene chinazunguza mitu n'chakuti malole ena ankamira pa ayezi wolimba, opanda bomba, ena ali opepuka. Gulu la wasayansi Pavel Kobeko linayeza kugwedera kwa ayeziyo n'kupeza chifukwa chake. Lole ikamayenda imakankha funde pansi pa ayezi, ndipo pa liwiro la pafupifupi makilomita 35 pa ola galimoto imayendera limodzi ndi funde lakelo, kugwedera kumakula mpaka ayezi n'kung'ambika. Pafupi ndi gombe zinkanyanya chifukwa funde limabwerera. Ndiye anaika malamulo a liwiro, n'kulamula kuti malole azisiyana mtunda wa mamita makumi angapo. Madalaivala ambiri ankayendetsa chitseko chili chotsegula, m'chisanu chonsecho, kuti adumphe ngati kutsogolo kwa lole kwayamba kumira. Ine ndimaona kuti mabuku a sukulu amawalakwira anthu amenewa powatchula m'mzere umodzi wokha.

Pa 25 December buledi anakwera kufika magalamu 350 kwa ogwira ntchito m'fakitale ndi 200 kwa ana, okalamba ndi a m'maofesi, komabe January ndi February 1942 ndi imene inapha anthu ochuluka, matupi anali atatha kale. Pobwerera, malole ankatulutsa anthu, ndipo pafupifupi theka la miliyoni anawoloka ayezi asanasungunuke mu April. Kutsidyako kunali msampha wina. Munthu amene wakhala miyezi ndi njala akadya chakudya chambiri nthawi imodzi, mchere wa m'magazi monga fosifeti umatsika mwadzidzidzi ndipo mtima umatha kuima. Ena anapulumuka mabomba ndi nyanja n'kufera pa siteshoni atangodya. Mzindawu unamasulidwa kwathunthu pa 27 January 1944, patatha masiku 872.