Zikomo nonse, mbereko ija ndaisoka

Loweruka lapitali ndinamaliza kusoka nsalu yoyala pabedi imene ndinaiyamba chaka chatha mvula isanagwe. Mtima wakana kuti ndikhale chete, ndiye ndati ndithokoze poyera anthu amene anandigwira dzanja.

Ambiri mumandidziwa kuti ndine mayi uja wa tomato ndi matemba a ku Chilwa mumsika wa Zomba. Chimene simudziwa n'choti ndinabereka mwana wamkazi amene sindinamulere. Anabadwa mu 2001, ndipo njala ya 2002 inatipeza akadali kubere. Amene munaiona njala ija mukukumbuka: kugona pamzere kudikira chimanga, kudya madeya ndi zitsa za nthochi. Bambo ake anali atamwalira, ine ndikudwala, mkaka utauma. Ndinakamusiya kunyumba yolerera ana n'cholinga choti ndikamutenge tikakolola. Kenaka panapezeka banja lofuna kumutenga kuti akhale wawo mwalamulo. Amalume anavomera, ine ndinadinda chala. Anandifotokozera ndithu kuti khoti likagamula ndiye kuti basi, koma zinamveka m'makutu mokha, mumtima ayi.

Mwana akamwalira, anthu amabwera kudzagona pasiwa, amakupepesa, ndipo pamakhala manda oti uzikasesa. Ine ndinalibe chilichonse mwa izi. Anthu anangosiya kundiitana kuti "make uje" n'kubwerera ku dzina la kuutsikana, ngati sindinachembezepo. Mu 2006, Madonna atatenga mwana wa ku Mchinji, msika wonse unkangokamba zomwezo, ena ati ndi mwayi, ena ati n'kugulitsa mtundu. Ine ndinkangounjika tomato, maso pansi.

Zikomo kwambiri kwa inu amayi a ku Matawale, amene munatsegula khonde lanu kuti tizikumanapo Lachitatu masana. Munatipeza mmodzimmodzi mpaka tinakwana asanu ndi mmodzi, tonse a bala limodzi. Simunatifunse kuti zinakhala bwanji. Munangotulutsa makina anu akale a Singer opalasa ndi mapazi aja, thumba la zigamba, singano ndi ulusi, n'kuti aliyense achite chimene manja ake akufuna. Nzeru imeneyi ndimaigomera mpaka lero, chifukwa mukanatiuza kuti tikhale bwalo tizifotokoza, ine sindikanabweranso. Manja akamagwira ntchito, maso ali pansalu, mawu amatuluka okha.

Ndinali ndi chitenje chimene ndinkamuberekera, chili pansi pa sutikesi zaka zoposa 20. Chinasuluka, maluwa ake sakuonekanso bwino, ndipo pangodya pamene ndinkamanga mfundo pachifuwa panapyapyala moti kuwala kumadutsa. Tsiku limene ndinabwera nacho ndinagwira sizasi, dzanja n'kumanjenjemera. Inu munati, "Mwanangu, usadule lero ngati sunakonzeke, nsalu sithawa." Ndinabwerera nacho kunyumba katatu. Ulendo wachinayi ndinadula, ndipo ndinalira kulira kumene ndinayenera kulira mu 2002. Anzanga anasiya zimene ankachita n'kundizungulira, wina n'kuyambitsa nyimbo ya maliro motsitsa. Kumeneko ndiye kunali kupepesedwa kwanga koyamba. Chigamba cha pamfundo chija ndachiika pakatikati pa nsaluyo.

Zikomo achemwali a ku Chinamwali, amene mumalemba ndakatulo m'kope la ana asukulu n'kutiwerengera mawu akunjenjemera. Zikomo achemwali oumba, amene munaumba kamphika kakang'ono kophikira phala n'kukasiya pawindo popanda kunena kanthu, tonse tinamva. Ndinunso amene munandikakamiza kukaonana ndi aphungu kuchipatala nthawi imene tulo tinandithawa, ndipo munachita bwino, chifukwa pali zina zimene singano payokha singathe.

Kwa inu bambo a kunyumba, zikomo pondigulira ulusi osafunsa zambiri, ndi pokhala pambali panga usiku umene ndinauza ana athu kuti ali ndi mchemwali wawo wamkulu. Wamng'onoyo anangofunsa ngati amafanana naye. Ndinamuyankha kuti mphumi ndi yomweyo.

Ndipo kwa inu mayi amene munamulera, kulikonse kumene muli: akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo inu munachitadi zimenezo. Zaka zambiri ndinkakuchitirani nsanje, sindibisa. Posoka nsaluyi ndinayamba kukuganizirani mukumusambitsa, mukumuperekeza kusukulu, mukuchezera naye usiku atatentha thupi. Ambuye akudalitseni.

Lachitatu likubwerali tikumananso. Mnzathu wina wayamba kusoka yake, ndipo zigamba zatichepera. Atelala a mumsika, musataye zodula zanu, ndidutsa m'mawa ndi thumba.