Nayitrojeni wa m'nkhalango zozizira amachokera kuti?

Teremu ino taphunzira za nkhalango za paini ndi spruce zimene zayala kuchokera ku Alaska, kudutsa Canada, Sweden ndi Finland mpaka ku Siberia. Chandigwira mtima n'chakuti mitengo yonseyo imakula movutikira nayitrojeni, chakudya chimene zomera zimafuna kuti zikule. Nthaka ya kumeneko ndi yozizira, masamba akagwa amatenga zaka kuti awole, choncho chakudya chimangotsekeredwa m'zinyalala.

Thandizo lina lili pansi penipeni, poponda mapazi. Ndere yotchedwa Pleurozium schreberi imaphimba nthaka, ndipo m'timasamba take mumabisala mabakiteriya, monga Nostoc, amene amakoka nayitrojeni mumpweya. Mu 2002, wasayansi wina, Thomas DeLuca, ndi anzake anapeza kuti kumpoto kwa Sweden nderezi zimasonkhanitsa nayitrojeni wokwana makilogalamu 1.5 mpaka 2 pa hekitala pa chaka. N'zochepadi. Thumba la yureya la makilogalamu 50 limakhala ndi nayitrojeni wokwana makilogalamu 23, ndiye kuti ndere za pa hekitala imodzi zimafunika zaka zoposa 10 kuti zifike pamenepo. Komabe kumalo kosathiridwa feteleza, komwenso mvula imabweretsa nayitrojeni wochepa, kapang'onoko n'kofunika kwambiri.

Mitengo nayonso siyingodikira kuti zonse ziwoleretu. Torgny Näsholm, wasayansi wa ku Sweden, anasonyeza mu 1998 kuti zomera za kumeneko zimatha kuyamwa ma amino acid (tizigawo ta mapuloteni tokhala ndi nayitrojeni) m'nthaka, ndipo timaulusi ta bowa tokulunga mizu timathandiza pa ntchito yofuna chakudya.

Nanga kukamatentha chifukwa cha kusintha kwa nyengo? Apa m'pamene ndakhala nthawi yaitali. Kutentha kumafulumizitsa kuwola, ndipo nthaka youndana chaka chonse ikasungunuka imamasula nayitrojeni wakale. Mabakiteriya nawonso amachangamuka kukafunda. Koma ndere ilibe mizu, imadalira mvula ndi mame. Ikauma, ntchito imaima. Moto ukadutsa umaipsereza, ndipo pamapita zaka makumi angapo kuti ibwerere mwakale, n'chifukwa chake nkhalango zimene zakhala nthawi yaitali osapsa ndi zimene zimasonkhanitsa nayitrojeni wochuluka. Utsi wa m'mafakitale ukagwetsa nayitrojeni wambiri, mabakiteriyawo amachepetsa ntchito.

Ndiye anthu akamati kutentha kudzakulitsa mitengo ya kumpoto n'kumayamwa kaboni wambiri, ine sindivomera msanga. Ndiyambe ndamva kaye kuti chilimwe chidzakhala ndi chinyezi chotani, ndiponso kuti moto uzidzabwera pakapita zaka zingati.