Matabwa apansi awa ndi a mtengo wa mtundu wanji?

Kapeti ya m'chipinda chochezera tinaichotsa dzulo madzulo, ndiye lero ntchito yonse inali pa matabwa amene atulukira pansi pake. Ndi akuda bii, aatali kuchokera khoma ili kukafika linalo, ndipo awiri a pafupi ndi zenera ndi ofumbwa moti ukapondapo phazi limamira pang'ono. Amenewo afunika kuchotsa n'kuikapo ena. Koma ungakagule bwanji thabwa lolowa m'malo usakudziwa mtundu wa mtengo wake?

Alamu anga anangoponya diso kamodzi n'kugamula: "Mlamu, uwu ndi oak, musavutike n'kufunsa. Taonani kuderako." Ndinakondwa, pakuti ndani safuna kumva kuti akuponda pa mtengo wapamwamba.

Kalipentala anafika cha m'ma 9 koloko, bambo wachikulire wosachedwa kugwada pansi. Nditawauza za oak uja sanatsutse, sanavomere. Anatenga kampeni n'kupala malo aang'ono kuseri kwa chitseko, ndipo pansi pa kuda konse kuja panatuluka thabwa lachikasu chopita kofiirira. "Mayi, mwaona? Chakuda chija si mtengo ayi. Ndi vanishi, polishi ndi litsiro la zaka zambiri. Mtengo suufunsa kunkhope, umaufunsa kumutu."

Kumutu ankanena ndi kumapeto kwa thabwa, kumene macheka anadula mopingasa. Tinazula limodzi mwa ofumbwa aja, iwo n'kudulako kachidutswa kumbali yomwe inali yabwinobwino. Kenako anatenga lezala latsopano n'kusenga pang'ono pamutupo mpaka pakhale see. Sandipepala anaikana, akuti fumbi lake limatseka timabowo tomwe tikufuna kuona. Ananyowetsa ndi chala n'kundipatsa kagalasi kokulitsa zinthu ka 10.

Apa mpamene tsiku langa linakomera. Sindinkadziwa kuti pamalo ochepa ngati chikhadabo pangakhale zambiri chonchi. Mitengo yamasamba aakulu, monga oak, teak ndi mahogany, imakhala ndi timabowo toyendamo madzi, ndipo pagalasi timaoneka ngati ta sefa. Mitengo yamasamba onga singano, monga paini, spruce ndi fir, timabowo totere ilibe. Kachidutswa kathu kanalibe. Panali mizere yokhayokha yotsatizana, wotuwa kenako woderako, wotuwa kenako woderako. Mzere wotuwawo ndi umene mtengo umapanga kumayambiriro kwa nyengo yokula, ndipo umakhala wofewa. Woderawo umapangika kumapeto kwa nyengoyo ndipo ndi wolimba. Iwiriyo pamodzi ndiye chaka chimodzi. Ndinawerenga mizere pafupifupi 20 pamalo osakwana masentimita atatu, kusonyeza kuti mtengowu unakula mosathamanga.

Mkati mwa mizere yodera ija munali timadontho tamwazikamwazika, tina totuwa tina tofiirira. Ndinafunsa ngati amenewo si mabowo omwe aja. "Ayi mayi, izo ndi njira za utomoni." Njira zimenezi zimapezeka mu paini, spruce, larch ndi Douglas fir, koma fir weniweni ndi hemlock nthawi zambiri alibe. Mu paini zimakhala zazikulu komanso zambiri, pamene mu spruce ndi Douglas fir ndi zazing'ono, zofuna kuzisaka. Zathuzi zinkaoneka osavutikira. Atapala ndi puleni mbali ina, fungo la utomoni linangoti guu m'chipinda monse, thabwa lakale chonchi. Pamenepo nkhani ya oak inathera pomwepo.

Ndinapitabe kukaliyeza pasikelo, chifukwa ndimakonda kuti manambala nawonso anene zawo. Kachidutswako kanali masentimita 20 m'litali, 15 m'lifupi ndi 2 kuchindikala, kulemera kwake magalamu 310. Ukawerengetsa zikufika pa makilogalamu pafupifupi 520 pa kiyubiki mita. Paini wa mtundu wa Scots pine akauma amakhala cha pa 500, pamene oak amafika cha m'ma 700. Ndinadindanso ndi chikhadabo, chinalowa n'kusiya chizindikiro. Koma kulemera ndi kufewa paokha n'kosadalirika: balsa, mtengo wopepuka zedi uja, ali m'gulu limodzi ndi oak, la mitengo ya timabowo. Kuti munthu atchule mtundu weniweni wa paini, mwa mitundu yoposa 100 yomwe ilipo, pamafunika kachidutswa kopyapyala ndi maikulosikopu. Pa ntchito yathu dzina loti paini latikwanira.

Masana alamu anga anabweranso, ndipo nkhani inawakomera mosayembekezera. Matabwa a pakhomo lolowera ndi a m'kanjira kopita kuzipinda anali opapatiza kusiyana ndi a m'chipinda chochezera, ndipo kuzungulira msomali uliwonse panali banga lakuda lopita ku buluu. Kalipentala anangoti, "Eya, apa pokha achimwene mwalasa." Oak ali ndi mankhwala achilengedwe ambiri otchedwa tannin, ndipo tannin akakumana ndi chitsulo pamalo achinyezi amadetsa thabwa motero. Titapala, pamwamba pa matabwa ena panaoneka timawanga tonyezimira todutsa mopingasa mizere. Thabwa lina linali ndi mutu woonekera pa sitepe, ndipo pagalasi ndinaona timabowo tikulutikulu titandandalikana kumayambiriro kwa chaka chilichonse, ndi mizere yotakata yochokera pakati pa mtengo kupita kukhungwa. Chikhadabo apa chinangoterereka.

Ndiye kuti amene anamanga nyumbayi anaganiza bwino. Poyenda anthu ambiri anaikapo mtengo wolimba, m'chipinda momwe ankadziwa kuti mudzayalidwa kapeti anaikamo wofewa. Zimenezi zandikhudza kwambiri. Munthu amene sindidzamuona anakhala pansi n'kuganizira mapazi a anthu odzabwera m'mbuyo mwake, ndipo ine ndikanati ndingothira utoto umodzi ponseponse, nzeru yakeyo ikanakwiririka.

Misomali yomwe tinazula ndi yamakona anayi, yodulidwa kuchokera ku chitsulo chaphanthiphanthi. Yotereyi inafala m'zaka za m'ma 1800, isanalowedwe m'malo ndi yobulungira ya waya chakumapeto kwa zaka zomwezo, komabe okhoma matabwa apansi anapitiriza kuigwiritsa ntchito chifukwa imagwira zolimba ndipo sing'amba thabwa ikakhomedwa motsata mizere. Choncho msomali wokha sunganene zaka za nyumba. Kunsi kwa thabwa, komwe puleni sinafikeko, kuli zipsera zokhota za macheka ozungulira a makina.

Za kufumbwa kuja, timabowo take ndi ta milimita imodzi kapena ziwiri, ndipo tonse tili m'mphepete motuwa mwa thabwa, mbali yomwe inali pafupi ndi khungwa. Pakati pofiirira, podzaza utomoni, tizilombo sitinapakhudze kwenikweni. Tinayala pepala pansi pa mabowowo kuti tione ngati pagwe ufa watsopano. Ukagwa ndiye kuti tizilomboto tikadalimo.

Kudziwa mtengowu kwasintha dongosolo lonse la ntchito. Paini safuna makina opalira aukali, chifukwa mzere wofewa uja umadyeka msanga kusiya wolimbawo utatumphuka, pansi n'kukhala mabampumabampu. Utotonso amamwa mosiyanasiyana, pena kwambiri pena pang'ono, ndiye tagwirizana kuti tingopaka mafuta kapena vanishi wosasintha mtundu. M'mphepete mwa khoma muli penti wakale wakuda, ndipo ameneyo sitimukhudza ndi sandipepala tisanamuyezetse. Penti wakale nthawi zambiri ankakhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake ndi poizoni, makamaka kwa ana. Pa ichi chokha sindikunyengerera munthu, ngakhale ntchito ichedwe.

Chatsala ndi matabwa awiri olowa m'malo aja. Paini watsopano amakhala wotuwa mbee, wamizere yotalikirana, ndipo angaonekere patali pakati pa akalewa, omwe afiira ndi zaka. Kalipentala wapeza njira yabwino: pansi pa kabati yomangira kukhoma pali matabwa a mtundu womwewu, osapondedwapo n'kamodzi komwe. Mawa tizula awiri kumeneko kudzaika pa zenera, ndipo atsopanowo akalowa pansi pa kabatiyo. Wandiuza kuti ndiwagule msanga, akhale m'nyumba muno milungu ingapo asanakhomedwe, kuti chinyezi chawo chifanane ndi cha anzawo.